Pamthunzi pa Mmisiri: njinga ya kuntchito ndi njinga ya ulendo

Makalata ambiri mwezi uno ndi a anthu ofuna kugula njinga, ena yoyendera kuntchito, ena ya ulendo wautali. Ndasankhapo asanu, ndipo ena ndawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba.

Bambo mmisiri, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito ku Old Town. Ndalama ya minibasi ikundimaliza, moti ndasunga kangachepe kuti ndigule njinga. Mnzanga akuti ndigule yamagiya yatsopano ya m'sitolo, ya masipuling'i kutsogolo ndi pakati. Amalume akuti ndigule yakuda yachikale ija. Ndimvere ndani? — Kalaliki, Area 25

Achimwene, pa awiriwo amalume ndiwo ayandikira choonadi, ngakhale nawonso sindikuwavomereza zonse.

Tiyambe ndi yonyezimira ya m'sitoloyo. Sipuling'i yapakati ija anaipangira anthu othamanga m'mapiri mwa miyala, ndipo njinga yeniyeni ya mtundu umenewo mtengo wake umafika pa wa njinga yamoto. Zimene zadzaza m'masitolo mwathu pamtengo wotsikazi ndi chikomekome cha mkuyu. Mukamapalasa, mphamvu ina imathera kuvinitsa sipuling'i m'malo mokankha tayala. Kumbuyo kulibe pomangira keliyala yolimba chifukwa felemuyo imasuntha. Chosinthira magiya ndi chachitsulo chofewa, chikangogunda mwala kamodzi chapindika, basi tcheni ili kudumphadumpha njira yonse. Pakapita miyezi yochepa njingayo imakhala ili kwa ife amisiri, mwiniwake wabwerera m'minibasi momwe ankathawa muja.

Ya amalumeyo tonse tikuidziwa. Makolo athu ankakwera Humber ndi Raleigh za ku England, ndipo zimene zikubwera masiku ano, monga Hero ndi Avon za ku India kapena Phoenix ya ku China, n'zotengera kapangidwe komweko. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: palibe malo amalonda m'Malawi muno amene mungasowe tayala lake, sipoko yake kapena munthu woidziwa. Zovuta zake ziliponso. Mabuleki a ndodo aja amagwira pa limu yachitsulo, ndipo limuyo ikanyowa ndi mvula njinga imayamba yapitirira kaye isanamve kuti mwagwira buleki. Pamsewu wa M1 nthawi ya m'mawa, pamene minibasi imangoima paliponse ikaona munthu, zimenezo si zoseweretsa. Kotapini, timisomali togwira mikono ya mapedulo, amakhwefukanso kawirikawiri. Ndipo njinga zimenezi zimabwera m'makatoni zili zidutswazidutswa, n'kumangidwa mothamanga ndi anyamata olipidwa potengera kuchuluka kwa zimene amanga. Mukagula musaikwere kupita kunyumba. Pitani nayo kaye kwa mmisiri amasule mahabu, pakati pamene wilo limazungulirira, ndi pa mapedulo, aike girisi wokwanira, akunge masipoko onse n'kuwongola mawilo. Ndalama imeneyo muiwerengere pamtengo wa njinga.

Ndikanakhala ine ndikanatenga njira yachitatu: *mountain bike* yakaunjika, ya felemu yachitsulo, foloko yopanda sipuling'i, mawilo a 26, mabuleki a waya ogwira pa limu, magiya olembedwa Shimano. Zambiri mwa izi zinapangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo sizinayende kwenikweni kwawoko. Penti yokalika isakuopseni. Popita kukasankha tengani kamaginito, kakamamatira pa felemu ndiye kuti ndi chitsulo, chimene wowotcherera aliyense akhoza kulumikiza chikathyoka. Aluminiyamu kamaginito sikagwira, ndipo akang'aluka amafuna makina amene amisiri ambiri a m'misika alibe. Sisitani ndi chala kunsi kwa mipope iwiri imene imakumana pafupi ndi mahandulo. Mukamva kakhwinya kapena kuona penti itasweka mozungulira, njingayo inawombapo chinthu ndi kutsogolo, isiyeni. Nyamulani wilo lililonse mulizunguze, muone ngati likuyenda mowongoka, kenako muligwedezere m'mbali kuti mumve ngati habu ikusewera. Masulani bawuti ya chishalo muone ngati mpope wake ukukwera ndi kutsika, chifukwa ukamamatirana ndi dzimbiri ngakhale ine ndimatuluka nawo thukuta tsiku lathunthu. Pomaliza imirirani njingayo ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi: pakati pa inu ndi mtanda pazitsala danga la zala zitatu kapena kuposa.

Mukatero muikeni madigadi, keliyala ndi belu. Malaya a ku ofesi muziwapinda m'jumbo n'kukavalira konko.

Akulu, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Pa holide ndikufuna kubwera ndi njinga yanga pa basi, ndidzapalase kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay, mwinanso kukwera ku Mzuzu. Njingayo ndi ya mawilo a 29, magiya 12 kumbuyo, mabuleki a mafuta, matayala opanda chubu. Kodi ikwanitsa? Ndipo ndinyamule chiyani? — Mwana wa ku Kasungu, Johannesburg

Kukwanitsa ikwanitsa, mphwanga, ndipo idzathamanga kuposa yanga. Funso ndi lakuti ikadzadwala pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa adzaichiza ndani, ndi chiyani. Mwina munaonapo azungu a Tour d'Afrique, ulendo wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town umene unayamba mu 2003 ndipo umadutsa kwathu kuno. Iwowo amakwera njinga zapamwamba mosadera nkhawa chifukwa pambuyo pawo pamabwera malole a katundu ndi mmisiri wawo. Inu lole yanu ndi chikwama chanu.

Choyamba mudziwe nambala ya tayala lanu. Mawu akuti 26, 28, 29 amasokoneza anthu ambiri, ngakhale ogulitsa amene. Yang'anani m'mbali mwa tayala, mupeza manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 50-559. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu m'mamilimita, ndipo ndi yokhayo imene imanena zoona. Njinga yachikale ya kabaza ndi 635. *Mountain bike* ya 26 ndi 559. Yanuyo ya 29 ndi 622. Tsono pena matayala a 622 opangidwa ku Ulaya amalembedwanso 28, moti munthu amagula la 28 pamsika poganiza kuti likwana, n'kupeza kuti ndi la 635, likungokhwepa pa limu. Palinso njinga zina zakaunjika za amayi zolembedwa 26 x 1 3/8, zimene ndi 590, ndipo tayala la *mountain bike* silingalowepo. Kumidzi kwathu mudzapeza 635 paliponse, 559 m'malo ambiri. La 622 mukalisowa ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu musayembekeze kulipeza pa Benga. Nyamulani limodzi lopindika, ndi machubu awiri kapena atatu ngakhale matayala anu ndi opanda chubu. Madzi omata amene amathiridwa m'matayala opanda chubu amatseka timabowo ta minga, koma tayala likang'ambidwa ndi botolo kapena m'mphepete mwa phula lodyeka, amangotayika.

Tcheni ya magiya 12 ndi yopyapyala, ndipo ya pamsika siingagwire ntchito pamenepo. Njinga za magiya 6, 7 ndi 8 zimabwerekana tcheni imodzimodzi, n'chifukwa chake ndimazikonda pa ulendo. Inu tengani zolumikizira tcheni ziwiri za saizi yanu ndi kachida kodulira tcheni. Tenganinso kachitsulo kamene chosinthira magiya chimapachikikapo. Anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, pofuna kuteteza felemu, koma mtundu uliwonse wa njinga uli ndi kakekake, ndiye kuno simudzakapeza. Ndi kakang'ono, kamalowa m'thumba la malaya.

Pa mabuleki tengani mapadi apadera. Ndipo mumvetsetse ichi: ngati ndi a Shimano amayendera mafuta awoawo, a mtundu wa *mineral oil*. Wina wa pa galaja akadzakuthandizani mwachifundo n'kuthiramo a mabuleki a galimoto, timphira ta m'kati titupa ndipo buleki yonse yatha. Pokweza m'basi, mukachotsa wilo ikani kakatoni kolimba pakati pa mapadi, apo ayi wina akangofinya chogwirira buleki mapadiwo atsekana. Chosinthira magiya chimasuleni, muchikulunge m'nsalu n'kuchimangirira ku felemu, chifukwa m'ngolo za mabasi a ku Joni mumalowa mafiriji ndi masofa. Pochotsa mapedulo kumbukirani kuti lakumanzere limamasuka mobwerera. Ambiri alimbana nalo mpaka kudya mazinga ake.

Katundu asakhale kumsana. Chikwama chakumsana pa dzuwa la kunyanja chimakuphikani, ndipo kulemera kwake konse kumathera pa chishalo. Katundu akhale m'zikwama ziwiri zopachika m'mbali mwa keliyala, zolemera zili pansi. Ngati zogula zadula, telala wosoka matenti akhoza kukusokerani, bola kumbuyo kwake aikeko kabolodi kuti chikwama chisalowe m'masipoko, ndipo chikhale chakumbuyo ndithu kuti chidendene chisamachigunde. Zovala muzikulunge m'majumbo. Kwa ine zonse pamodzi zisapitirire makilogalamu 15. Tenti ndi mapoto musavutike nazo panjira imeneyi: maresitihausi alipo ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche, ndipo nsima ya chambo kapena kampango, mpunga, chinangwa, nthochi ndi tchipisi cha pachiwaya simudzazisowa. Chimene musasiye ndi neti, poti si chipinda chilichonse chili ndi yosabooka, ndipo inu mwakhala kunja nthawi yaitali, malungo sadzakuchitirani chisoni. Pa zida: pampu yanuyanu, zigamba ndi soloshoni, zotsegulira tayala, makiyi a njingayo, masipoko anayi a saizi yanu omangirira ku felemu, ndi mphira zingapo zodula ku chubu chakale. Mphira imamanga chilichonse.

Nthawi yake musankhe bwino. Mwasankha kale bwino polowera kumpoto, chifukwa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndiye uzikukankhani kumsana. Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha koopsa, ndipo Disembala, mwezi umene ambiri a ku Joni amabwera, ndi wa mvula, pamene mitsinje ya mumsewu wa kunyanja wa M5 imatha kusefukira. Ngati holide yanu ndi ya Disembala basi, muzinyamuka kukangocha, pofika 11 koloko mukhale pamthunzi. Madzi muzinyamula malita atatu n'kumadzaza pa mijigo, ndipo mukatuluka thukuta kwambiri sungunulani paketi ya Thanzi m'botolo limodzi.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mumatsika kuchokera pa mamita oposa 1,000 kufika kufupi ndi nyanja, imene ili pa mamita osakwana 500. Musanyengedwe nazo, zitunda zilipo ndithu musanayambe kutsetsereka. Kuchokera pamenepo njira ndi yosakwera kwenikweni, kudutsa pa Chia, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mpaka mitengo ya mphira ya ku Vizara mukamayandikira Nkhata Bay. Msewu ndi wopapatiza m'malo ambiri, ndipo pa milatho ina pamadutsa galimoto imodzi. Lole ikaliza hutala pambuyo, tsikani m'fumbi, musalimbane nayo. Ntchito yeniyeni ili pa makilomita osakwana 50 a pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu, pamene mudzakwera mamita oposa 700. Pamenepo giya yanu yaikulu yakumbuyo ija mudzaithokoza. Miyendo ikakana, Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951, imaima pa Nkhata Bay ndipo njinga imakwera nawo.

Bambo, ndine mlangizi wa zaumoyo m'dera la mapiri ku Dedza. Ndimayendera midzi ndi mabuku, sikelo ndi bokosi la mankhwala. Pa zitunda ndimangokankha njinga, ndipo chitenje chimandikodwa m'tcheni. Anzanga akuti Buffalo ndiyo yabwino. Zoona? — Mlangizi, Dedza

Mayi, pa kulimba anzanuwo sakunama. Buffalo ndi njinga ya bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, ndipo anaipangira misewu yathu yomweyi: chitsulo chokhuthala, masipoko onenepa, keliyala yonyamula makilogalamu 100. Mtanda wake ndi wotsika chakumbuyo, ndiye wovala chitenje amakwera osatambasula mwendo. Koma kulimbako kuli ndi mtengo wake. Njingayo payokha imaposa makilogalamu 20, ndipo yodziwika kwambiri ija ndi ya giya imodzi, choncho pa chitunda mudzaikankhabe. Buleki yake ndi yopondera mapedulo m'mbuyo. Mvula siyiisokoneza poti ili m'kati mwa habu, koma pa mtsetse wautali ngati wa ku Golomoti habuyo imatentha mpaka girisi kusungunuka, ndipo tcheni ikaguluka buleki yapita nayo. M'dera ngati lanu ndimalimbikira kuti kutsogolo kukhalenso buleki ya m'manja.

Musanagule ina, yesani kaye kuchiza imene muli nayo. Werengani mano a giya yakutsogolo ndi a yakumbuyo. Njinga zambiri zachikale zili ndi 44 kapena kuposa kutsogolo, 18 kapena 20 kumbuyo. Pa 44 ndi 20, mukazunguza mapedulo kamodzi njinga imayenda pafupifupi mamita 5, zimene ndi zabwino ku Nsanje kapena ku Mchinji, osati kwanuko. Uzani mmisiri aike filiwilo ya mano 22 ndi kuwonjezera tcheni pang'ono. Pachidikha muzichedwerako, koma zitunda zina zimene munkatsika muzikwera muli pa chishalo. Ngati zitundazo ndi zoimirira zedi, yankho ndi *mountain bike* ya magiya atatu kutsogolo. Pa kagiya ka mano 22 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, kuzunguza kamodzi ndi mita imodzi ndi theka basi, liwiro la munthu woyenda pansi, koma katundu yense ali pa njinga ndipo msana wanu ukupuma.

Za chitenje, muikitse chivindikiro cha tcheni, ndipo m'mbali mwa wilo lakumbuyo mmisiri aluke timawaya kapena timphira kuchokera pa madigadi kutsikira ku habu. Bokosi la mankhwala likhale pa keliyala, pansi pake pali siponji, osati kulendewera pa mahandulo.

Ndikayenda mtunda wautali matako ndi mawondo zimandipweteka. Ndigule chishalo cha siponji yambiri? — Wophunzira, Zomba

Ayi, mwanawe. Siponji yofewa imabonyeka, mafupa okhalira amamira, ndiye kulemera kumapita pa minofu imene siyenera kupanikizika. Vuto lako ndikuliona ndili konkuno: chishalo chatsika. Khala pa njinga wina atakugwirira, uike chidendene pa pedulo lili pansi penipeni. Mwendo uwongoke ndithu. Ukabwezera phazi pamalo pake bondo lizipindika pang'ono chabe. Pokweza usapitirire mzere wolembedwa pa mpope wa chishalo, ungathyole felemu. Chishalocho chikhale chosapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo buluku la jinzi la msoko wokhuthala pakati ulisiye kunyumba. Ukachita zonsezi koma dzanzi la kumalo obisika osatha, pita kuchipatala.

Ndimaweruka usiku ku Limbe kupita ku Bangwe. Kodi nyale ndi helemeti n'zofunikadi, poti a kabaza ambiri alibe? Komanso tcheni ndizithira oyilo wanji? — Mlonda, Bangwe

Achimwene, kusowa nyale kwa a kabaza si nzeru, ndi umphawi ndi kuzolowera. Inu mukamaona galimoto ikubwera mumaganiza kuti nayo ikukuonani. Dalaivala amene wathobwa m'maso ndi nyale za mnzake wochokera kutsogolo saona munthu wovala yunifolomu yakuda m'mphepete mwa msewu mpaka atamufika. Nyale yofiira yakumbuyo ndiyo yoyamba kugula, yoyera yakutsogolo ibwere pambuyo pake. Zilipo zotchaja ngati foni, muzikatchaja kuntchito. Valani chibakuwa chonyezimira chija, ndipo timalifulekita ta pa mapedulo musatichotse, chifukwa chinthu chokwera ndi kutsika mumdima diso la dalaivala limachigwira msanga. Muziyenda kumanzere limodzi ndi magalimoto. Zoyenda kumanja moyang'anizana nawo ndi za oyenda pansi.

Helemeti siimitsa lole, koma ngozi zambiri za njinga ndi zogwera m'dzenje kapena kuwombana ndi munthu, mbuzi kapena chitseko cha galimoto, ndipo pamenepo imapulumutsa mutu. Ku South Africa lamulo linakakamiza okwera njinga kuvala kuyambira 2004. Yakaunjika muiyang'ane m'kati, thovu lolimba lija likakhala ndi mng'alu ntchito yake inatha kale. Chipewa cha pa zomangamanga si helemeti, chimaguluka musanafike pansi. Loko ikole felemu ndi wilo lakumbuyo ku chinthu chosazuka, ndipo nambala ya felemu, imene kawirikawiri imakhala kunsi kwa pamene pamazungulira mapedulo, muilembe pa lisiti n'kuisunga.

Oyilo wakuda wotsala mu injini, amene ambiri amathira poti ndi waulere, amakhala ndi tizitsulo ndipo amakoka fumbi, zikasakanikirana zimapera tcheni. Mafuta ophikira amauma n'kumata. Tsukani tcheni ndi parafini ndi mswachi wakale, iume, mudontheze oyilo woyera wa injini kapena wa makina osokera pa mfundo iliyonse, kenako mupukute kunja konse ndi kansanza. Wa makina osokera ndi wopepuka, nthawi ya mvula muzibwereza pafupipafupi. Kuti mudziwe ngati tcheni yatha, ikungeni n'kuyeza ndi tepi kuchokera pakati pa kamsomali kamodzi, muwerenge mipata 24. Yatsopano imakwana mainchesi 12 ndendende. Ikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka sinthani tcheni yokha. Ikafika mamilimita 3 yadya kale mano a filiwilo, ndipo mudzagula zonse ziwiri.